Tsiku Limene Chitsulo cha Pasukulu Chinakhala Chete

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamaliro. Koleji ya uphunzitsi ndinali nditamaliza kalekale, satifiketi ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi, boma lili zii osalemba anthu, ine ndikugulitsa tomato pamsika ku Chipata. Pamaliro a azakhali anga ku Madzimoyo, wapampando wa komiti ya makolo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti pasukulu yawo ya pulayimale pakusowa mphunzitsi wa giredi 7. Malipiro ake anali chimanga ndi mtedza zimene makolo azisonkha akakolola. Ndinavomera osaganiza kawiri. Walira mvula walira matope.

Amene anandiphunzitsa ntchito yeniyeni anali a Tembo, mphunzitsi wachikulire, wa jekete imodzi chaka chonse. Anandionetsa kulemba sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa pa temu yonse, kuthyola choko pakati kuti bokosi lichedwe kutha, ndi kusoka dasitala ya nsanza. Bolodi likayererapo tinkalipaka makala osinja osakaniza ndi masamba a mbatata. Koma chida chimene ankachilemekeza koposa chinali chitsulo: limu ya tayala la lole yopachikidwa ndi waya pamtengo wa mango, yomenya ndi bawuti yaikulu.

"Madamu, kuno makolo sawerenga zidziwitso," anandiuza. "Chitsulo chikalira m'mawa, mwana asambe. Chikakhala chete, atenge khasu."

Ndipo chinkamvekadi mpaka kutsidya kwa dambo, kumene kunkachokera Misozi Jere, mtsikana wanzeru kuposa onse m'kalasi mwanga. Samu ankazimaliza ine ndisanaike choko pansi. Mayi ake anamwalira, ndipo wachibale wina anali atamupezera kale malo olera mwana panyumba ina ku Chipata. Ndinapita kukawachonderera bambo ake kuti adikire mayeso a kumapeto kwa chaka. Iwo anandiyankha mosakalipa konse: "A Madamu, tisavutane. Chitsulo chija chikamalira, mwanayu ndi wanu. Tsiku limene chidzakhale chete, ndi wanga."

Nyengo yotola thonje itafika, aphunzitsi a boma anayamba kusowa. Palibe ankatchula mawu akuti sitalaka. Uyu akuti wadwala, uyo wapita kuboma kukatsatira alawansi ya kumudzi imene inali itasiya kubwera, winayo ali kumaliro osatha. Sukulu zoyandikana nafe zinatsekedwa imodziimodzi. Pawailesi anthu ankangokangana, ena amati aphunzitsi ndi aulesi, ena amati kagwireni inuyo muone ngati malipirowo amafika pakati pa mwezi. Ine wa chimanga ndi mtedza sindinali pamndandanda wa boma, choncho nkhondoyo sinali yanga. M'mawa uliwonse ndinkamenya chitsulo ndekha. Ang'onoang'ono ndinkawakhazika pansi pa mtengo kuti aziimba mateulo a samu, apakati ndinkawalembera ntchito pabolodi, kenaka n'kuthamangira kwa a giredi 7. Pofika masana mawu anali atasasa, mutu ukugunda, koma Misozi ankabwera.

Lolemba lina kunazizira koopsa. Nditafika pamtengo wa mango ndinapeza waya akulendewera yekha. A Tembo anali atakhala pamuzu, limu ili yomangidwa pakaliyala ya njinga yawo.

"Aphunzitsi, mwatani kodi?" ndinafunsa, mtima uli m'mwamba.

"Mwanawe, usandione ngati mfiti," anatero osandiyang'ana. "Ukamamenya chitsulochi, akuboma akumati ku Madzimoyo sukulu ikuyenda bwinobwino. Ndiye ife tikulirira chiyani? Nyumba yanga ikudontha, mkazi wanga mankhwala a shuga anamuthera. Ndaphunzitsa ana a eni mpaka imvi, anga ndikulephera kuwaphunzitsa."

Ndinawauza za Misozi. Ndinagwada, ine munthu wamkulu, pafumbi. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti sabata imodzi singaphe munthu, ndipo anakankha njinga yawo, limu ikugunda pamatayala.

Ndinathamangira kunyumba yoyandikana, ndinabwereka khasu, n'kuligulula pampini, n'kulimenya ndi bawuti mpaka manja anachita dzanzi. Kalanga ine! Linkangoti ke-ke-ke ngati mwana akusewera ndi chitini. Ana a pafupi anabwera, akutsidya kwa dambo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Ndikanathamangira komweko, koma ana ang'onoang'ono odzaza bwalo ndikanawasiyira yani? Dzuwa litakwera anafika ahedi ndi maloko. Anati akuofesi alamula kuti mphunzitsi mmodzi wosalembedwa sangasunge sukulu yonse, ndiye titseke mpaka zinthu zitakhala bwino. Ndinabalalitsa anawo, ndipo ndinawoloka dambo ndikuthamanga.

A Jere ndinawapeza akupondera thonje m'thumba. Sanasiye kuponda.

"Ndinadikira, a Madamu," anatero. "Mwana anasamba, anavala yunifolomu, anakhala pakhonde apo akumvetsera. Dzuwa linafika apa. Chitsulo sitinachimve."

Mlamu wawo anali atamuperekeza kale kumsewu waukulu, ndipo minibasi inali itamutenga. Yunifolomu yake inali yopindidwa bwinobwino pampando. Ndinalira pamaso pa bamboyo, osachita manyazi, ndipo iwo anangondipatsa madzi akumwa.

Aphunzitsi anadzabwerera, atalonjezedwa kuti nkhani yawo ikuonedwa. A Tembo anapachikanso limu ndi manja awo, n'kuimenya okha. Za Misozi sanandifunse, ndipo ine sindinawauze. Pamayeso, desiki yake tinaikhazikapo mwana wina.

Chaka chotsatira ndinakumana ndi Misozi pamsika ku Chipata, atabereka mwana wa abwana ake, m'manja muli jumbo ya anyezi. Anagwada pang'ono pondipatsa moni, monga ankachitira kusukulu. Kenaka anandifunsa: "Madamu, chitsulo chija chikumalirabe?"

Lero ndine mphunzitsi wa boma, ndipo ululu wa a Tembo ndikuudziwa bwino, chifukwa nanenso malipiro amandithera mwezi usanapindike. Anzanga akamadandaula ndimadandaula nawo, ndipo pamisonkhano ndine wolongolola kwambiri. Koma mawu akuti "titseke kaye pang'ono" amandiwawa mpaka m'mafupa, poti kwa ana ena sukulu ikatsekedwa m'mawa umodzi, yatsekedwa mpaka kalekale. N'chifukwa chake pasukulu imene ndili pano bawuti yomenyera chitsulo imagona m'chikwama mwanga, ndipo waya wopachikira chitsulocho ndinamumanga ndekha ndi pulayala. Amene akufuna kuchitsitsa ayambe wadzandifunsa za Misozi.