Hildah ndi amphaka a ku Al Garhoud

Hildah Kalaba anachoka ku Chipata atamuuza kuti ntchito ya ku Dubai ndi yolera ana. Atafika ku Al Garhoud anapeza kuti mabwana ake alibe mwana, koma amphaka atatu oyera mbee, odya nsomba za m'chitini. Anangoyamba ntchitoyo, poti kwawo anasiyako ana ake awiri.

Mliri wa korona utavuta mu 2020, ndege zinaimitsidwa mabwanawo ali kutchuthi ku Ulaya. Hildah anatsala yekha m'nyumbamo. Tsiku lililonse dona ankaimba foni: "Amphaka adya?"

Kenako matenda aja anamugwira Hildah. Thupi linatentha ngati mbaula, chifuwa chili pha! Koma ankakwawabe n'kukatsuka mbale za ziwetozo. Atamuuza dona, mayiyo anati, "Usawanyamule, ungawapatsire. Uzivala magolovesi."

Hildah anaponya foni pabedi. Ngakhale "pepa" wokha?

Amene ankamuikira chakudya pakhomo anali Bambo Girgis, mlonda wachikulire wa ku Iguputo, Mkhristu mnzake. Masana ena mlondayo anamumva Hildah akuwerenga Baibulo mokalipa kuseri kwa chitseko. Anali atatsegula pomwe mneneri akutemberera mizinda ya Iguputo, ndipo dzina lililonse ankalitchula ngati akuponya mwala: Nofu, Zowani, Pibeseti.

"Mlongo, mwati Pibeseti? Ndi kwathutu kumeneko!" anatero mlondayo. "Mabwinja ake ali m'tauni yathu ya Zagazig. Makolo akale ankati Per-Bastet, kutanthauza nyumba ya Bastet, mulungu wamkazi wa mutu wa mphaka. Amphaka akafa ankawakulunga m'nsalu n'kuwaika m'manda mwaulemu."

"Nanga amene ankawadyetsa ankaikidwa kuti?"

Bambo Girgis anaseka. Hildah sanaseke nawo.

"Musaseke, bambo! Ine ndinasiya ana anga kudzagwadira chiweto? Ndikafera muno adzangofunsa kuti wadyetsa amphaka ndani!"

Anachira pang'onopang'ono. Amphakawo sanawamenyepo, chifukwa mlandu sunali wawo, koma mtima wake sunazizire.

Mabwana atabwera, dona anathamangira amphaka, kuwapsompsona, n'kudandaula kuti mmodzi waonda. Hildah, yemwe diresi linkangolendewera m'thupi, anaika makiyi patebulo.

"Khalas, basi zakwana, mayi. Ndatha nanu."

"Iwe! Upita kuti nthawi ya mliri ino?"

"Kumene munthu akatsokomola amamufunsa kuti wadzuka bwanji."

Bambo Girgis anamunyamulira chikwama mpaka pa takisi. Hildah anakafikira ku International City kwa Rosta, mnzake wa kutchalitchi, m'chipinda cha anthu asanu. Anakhala miyezi akuthamangira mapepala a chilolezo chogwirira ntchito, mpaka anapeza ntchito yokanda ufa m'bekale ina ku Bur Dubai. Ali komweko mpaka lero, ndipo mwana wake wamkulu ali ku sekondale.