Tsiku limene madzi anatithawa ku Chesapeake

Tinanyamuka ku Wheaton 6 koloko m'mawa Loweruka, anthu atatu m'galimoto ya mkamwini wanga, a Mbewe. Kumbuyo kunali mnzanga a Tembo a ku Lusaka, dalaivala wa pa ofesi ina ya kazembe ku Massachusetts Avenue. Kutsogolo ine, mkulu wa ulendo wokawedzawu, chifukwa ndinabadwira ku Nkhotakota ndipo ndinagwira nkhafi ndisanagwire pensulo. Pensuloyo ndinaisiya sitandade 5, koma nkhafi ndinkati sindinaiiwale.

A Tembo ali ndi matenda a shuga. Anadzibaya jekeseni yawo tisananyamuke, nkutiuza kuti pofika 12 koloko ayenera kudya ndithu, apo ayi amanjenjemera mpaka kukomoka.

"Osadandaula," ndinatero. "Pofika 11 mudzakhala mukutafuna."

Tinagwira msewu wa 50, nkukhotera kum'mwera tisanafike ku Annapolis. Cha m'ma 7:30 tinafika padoko lina laling'ono la panyanja yamchere ya Chesapeake, pomwe amabwereketsa maboti. Kaboti ka injini, theka la tsiku, madola mazana awiri. Mayi wa pamenepo anatipatsa majekete oyandamitsa ndi kapepala kodzaza manambala. Analankhula zambiri, akuloza mitengo yofiira ndi yobiriwira yozikidwa m'madzi. A Mbewe, munthu wa madigiri awiri, ankagwedeza mutu ngati ali m'kalasi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti tiziyenda pakati pa mitengoyo, bambo. Komanso madzi amatsika masana."

"Madzi kutsika masana? A Mbewe, madzi amatsika mu Okutobala. Ameneyu akuphunzitsa ng'ona kusambira."

Kapepalako ndinakulungira nyambo. Chikwama cha chakudya, momwe munali mazira owiritsa, mandasi ndi nkhuku, ndinalamula kuti chitsale m'galimoto. Ndinati chinganyowe, komanso tibwera msangamsanga.

Ola loyamba linali lokoma. Mphepo pang'ono, madzi amchere okhala ngati tiyi wopanda mkaka. Koma pakati pa mitengo yawoyo nsomba sizinkadya. Cha m'ma 9 ndinaona kachilumba ka bango chakumanzere. Kwathu pomwe pali bango pali nsomba.

"Khotani, akamwini."

"Bambo, kumeneko nkunja kwa mitengo."

"Nsomba imawerenga mitengo?"

Anakhota. Mkamwini wabwino satsutsana ndi apongozi, ndipo apa mpamene ulemu unatipweteka. Tinaponya nangula pafupi ndi bango, madzi ofika m'chiuno. Nsomba zinayambadi kudya, tinsomba toyera tonga chambo chosakhwima. Ine matama tsopano, kuwaseka a Mbewe kuti madigiri sakola nsomba.

Anayamba kuona ndi a Tembo. "Mudala, ija bango inali m'madzi. Manje niona mizu."

Ndinayang'ana. Zoonadi mizu pamtunda, matope akuda ali nyezinyezi. Nthawi inali 10:45. A Mbewe analiza injini, koma inangotakasa matope nkuzima. Ndinapisa ndodo ya mbedza m'madzi, osafika ndi m'bondo momwe. Tinayesa kukankha ndi nkhafi, boti linangosuntha pang'ono nkukhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira.

Ndinavula nsapato kuti nditsike ndilikankhe. Mwendo umodzi wokha unalowa m'matope mpaka m'ntchafu, ndipo pansi sindinapaponde. Anandizula ndi a Mbewe, atandigwira lamba. Pamenepo ndinaleka kuseka.

Tinafunyulula kapepala kaja, nyongolotsi zikugwa. A Mbewe anawerenga manambala onyowawo, nkunena motsitsa mawu kuti madzi akhala akutsikabe mpaka cha m'ma 1 koloko, ndipo kuti boti liyandamenso ndi cha m'ma 4. Doko tinkaliona patali, galimoto ili pomwepo ndi mazira athu.

Anaimba foni kudoko. Mayi uja anati atumiza munthu, koma boti lawo lokokera silingafike pamadzi ochepa chotero, tidikire apeze laling'ono. 12 koloko inakwana. A Tembo anasiya nthabwala, thukuta lili kamukamu chonsecho mphepo ikuwomba. Tinapisa m'matumba monse: makiyi, mpango, chiphaso cha basi. Ngakhale switi imodzi.

"Mudala," anatero, "nikagona, osanileka nigone."

Ndinawagwira phewa nkumawafunsa maina a ana awo mmodzimmodzi. Wachitatu anamuiwala. A Mbewe anali ataimba kale nambala ya ngozi, ataimirira pampando akukupiza jekete lofiira. Ine ndinkangoyang'ana madzi, kuwapempha mumtima ngati munthu.

Cha m'ma 12:40 kunatulukira kaboti kaphanthiphanthi kuseri kwa bango. Anali mkulu wina wachikuda wa msinkhu wanga, msodzi wa nkhanu, akukankha ndi mtengo wautali monga timachitira kudambo. Anatiyang'ana, nkuyang'ana a Tembo, osafunsa zambiri. Anaponya botolo la chakumwa chotsekemera ndi buledi wopaka chiponde. A Tembo anamwa theka osapuma. Patapita mphindi zingapo maso anabwerera.

"Wachitatu ni Mutinta," anatero.

Mkuluyo anafunsa kuti woyendetsa ndani. A Mbewe, mwana waulemu, anadziloza okha kuti andibise. Ine ndinakweza dzanja.

"Kwanu kulibe madzi?" anafunsa, a Mbewe akumasulira.

"Aliko ambiri. Koma athu amagona pomwe wawasiya."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Awa amapita kawiri patsiku, ndipo satsanzika."

Anatenga a Tembo ndi a Mbewe kupita nawo kudoko, komwe ambulansi inali ikudikira. Ine ndinatsala kulondera boti, maola atatu, ndekha ndi ntchentche zoluma. Ndinawaona madzi akubwerera pang'onopang'ono, nthawi yomweyo imene kapepala kananena. Boti litayandama ndinabwerera kudoko, nkupeza a ambulansi atawaona a Tembo nkuwalola kupita kunyumba.

Tinafika ku Wheaton dzuwa likadalipo, a Tembo ali bwino, akudya nkhuku yonse okha popanda wowaletsa. Zaka makumi asanu ndi awiri ndinkati madzi ndimawadziwa. Ndinkadziwa nyanja imodzi yokha, ndipo chifukwa cha imeneyo ndikanaika mnzanga m'manda. Pakhomo a Mbewe anauza mkazi wawo, mwana wanga, kuti injini inavuta. Ndinawasiya amalize bodza lawo laulemulo, kenako ndinakhala pansi nkumuuza zoona.