Envelopu Yomwe Sindinawapatse Amayi

Envelopu ija ndikadali nayo. Ndi yachikasu, yopindika pakona, ndipo ili ndi banga la khofi. Chilimwe chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Govanhill mumzinda wa Glasgow, pansanjika yachitatu.

Pamwamba pathu panafikira mayi wina wachipwitikizi, katswiri wa mafilimu. Anali atasewerako ku France, ku Brazil ndi kwina, koma ku Glasgow anadzajambula filimu yakeyake yonena za anamwino ochokera kunja. Ine ndinkangoona mzungu wa nsapato zakutha, wosadziwa n'komwe kutsitsa mtengo wa tomato.

Amayi, omwe anali namwino, anakulira kumalire ku Dedza, choncho Chipwitikizi ankachiphwanyako. Akakumana pamasitepe ankaseka mpaka aneba kusuzumira. Tsiku lina amayi anamuonetsa momwe ankasewerera mkazi wa Loti kutchalitchi ali mtsikana. Anacheuka, n'kuuma gwa, jumbo ya anyezi ili m'manja.

Masana ena amayi ali kuntchito, mayi uja anandipatsa envelopuyo. Munali masamba anayi a mawu oti munthu aloweze. Anati akufuna amayi asewere nawo m'filimu yake ija, ayankhe pofika Lachisanu.

Apa m'pamene kuchenjera kunandipweteka. Amalume, omwe ankagulitsa kaunjika ku Limbe asanabwere kuno, anali atandiphunzitsa lamulo limodzi: "Mphwanga, wofulumira kuvomera ndiye amadyeredwa. Kana, tembenuka, akuitana yekha." Mumtima ndinati amayi anga si kaunjika wa pansi pa belo. Envelopu ndinaibisa kunsi kwa matiresi. M'mawa mwake ndinakwera masitepe, manja ali m'thumba, n'kumuuza m'Chingerezi changa cha ku Glasgow kuti amayi akana, alibe nthawi ya zibwana. Kenaka ndinatembenuka, kumatsika pang'onopang'ono, khutu lili tcheru.

Sanandiitane. Ndinangomva chitseko chikutsekedwa mwaulemu.

Lachisanu linadutsa. Pamasitepe mayi uja anayamba kupereka moni wachidule, kuopa kuvutitsa munthu woti wakana kale. Amayi ankadabwa. "Kodi mnzanga uja ndamulakwira chiyani?" Ine maso ali m'mbale.

Filimu ija inazungulira maiko ambiri. Itafika kuno, amayi anavala chitenje chatsopano, tinapita kukaonera. Namwino wa m'filimuyo atayamba kulira, amayi anandikodola n'kunong'ona: "Uyu sanagwirepo ntchito muwodi. Ine bwenzi nditayamba ndasamba m'manja, kulira pambuyo." Anaseka, koma ulendo wonse wa pabasi ankangoyang'ana pawindo.

Lero ndimagulitsa mafoni akale, ndipo pa nkhani yonenerera mtengo palibe amandigwetsa. Koma kamwa yomweyi, yotha kugulitsa foni yosweka galasi, yalephera kuwauza amayi mpaka pano.

Mwana uja, ine wa nthawi imeneyo, ankayesa kuti akuwakwezera mtengo amayi ake. Sakanadziwa kuti iwo akanapita ulere, wapansi, mvula ili pamutu, bola kwa tsiku limodzi lokha anthu awaonere m'malo mowaimbira belu muwodi.