Kope la Bambo Nadimu Litapsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaotcha ndakatulo za munthu. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa South Bend, kutali ndi kwathu ku Malawi, moyandikana ndi Bambo Nadimu, nkhalamba ya ku Palestina yolemba ndakatulo m'Chiarabu. Masana onse ankakhala pakhonde ndi kope lawo, akulemba kuchokera kumanja kupita kumanzere ndi zala zokhota ngati mizu. Ine, kamwana kachipongwe, ndinkati akulemba chobwerera.

M'mwezi wa Julaye, dziko lino likamakondwerera ufulu, ana amaphulitsa makombola. Ndinayatsa limodzi n'kuliponya pakhonde pawo kuti ndione mmene nkhalamba imadumphira. Linaphulika pathebulo. Iwo anadzigwetsa chafufumimba, nagunda chipumi pasitepe, akufuula maina a anthu amene panalibe. Magazi anayenderera mpaka m'ndevu. Kope linayaka.

Amayi, amene anali atangoweruka kuchipatala, anathamanga n'kuzimitsa moto ndi nsapato. Atamanga balalo, anandimenya mbama ziwiri zimene ndimazimvabe.

"Gwada, iwe! Uapolojaize pompano!"

Kenako anakatenga lamba wa abambo n'kumupereka ndi manja awiri kwa Bambo Nadimu, monga amachitira ku Malawi.

"Mkwapuleni, bambo. Mwanayu ndi wanunso."

Nkhalamba itaona lambayo inabwerera m'mbuyo. Inatambasula zala zija n'kutiuza kuti alonda anazithyola kundende, chala chimodzichimodzi, chifukwa cha ndakatulo imodzi, ndipo omenyawo anayamba ndi lamba. Amayi anabisa lambayo kumbuyo, manyazi atawagwira.

Chilango changa chinali kukhala nawo pakhonde tsiku lililonse pamene ankayesa kukumbukira zimene zinapsa. Zambiri zinabwerera. Koma ndakatulo ina, yonena za mwana wawo wamkazi amene nyumba inamukwirira bomba litagwa, inangobwerera theka. Ankailakatula mokweza, mawu akutuluka pakhosi ngati akulira maliro, n'kufika pakati, n'kuima. Kenako ankamenya thebulo ndi chibakera mpaka makapu kugwa. Ine sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mbama.

Lero ndine namwino ku Indianapolis, ndipo Bambo Nadimu anatisiya kalekale mizere ija isanabwerere. Ndamvetsa nditakula chifukwa chake ankamenya thebulo. Mwana uja sanapezeke, analibe manda. Bambo ake anamusunga m'kope lija, ndipo ine ndinaotcha theka lake pongofuna kuseka.