Mabuku a m'Kabati ya a Matewere

Fungo la polishi wa pansi likasakanikirana ndi utsi wa mbaula, ine mpaka lero ndimabwerera pakhonde la a Matewere ku Chikanda, nthawi yachisanu, nkhungu ikutsika m'phiri pamodzi ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni za paini, ife ana a Sitandade 8 titakhala pa simenti yozizira mpaka matako kuchita dzanzi. A Matewere anali oyandikana nafe nyumba, kalaliki wa boma wopuma ntchito, munthu amene ankavala tayi ngakhale popita kukaingitsa nkhuku m'dimba. Makolo anatipereka kwa iwo kuti atiwongole Chingerezi, pakuti aliyense ankadziwa kuti ukalephera Chingerezi, masamu ako akome bwanji, za ku sekondale uzingozimva kwa anzako.

Tsono zipangizo zophunzitsira zinalipo, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa. Pabalaza pawo panali kabati yagalasi yodzaza mabuku a ana, a zithunzi, a nthano, a galamala, amene mzungu wina wophunzitsa ku koleji anawasiyira pobwerera kwawo. Mawu a mzunguyo a Matewere ankawabwereza okha monyadira: mabukuwa ndi a ana a m'dera lino. Ana a m'deralo tinali ife. Tinali pomwepo, mphuno zili pawindo.

Koma kabatiyo sinkatsegulidwa. Kiyi ankakhala m'thumba la jekete, jekete linkakhala pathupi pa a Matewere. Ife tinkaphunzira ndi mapepala okulungira sopo, zitini za nsomba, ndi nyuzipepala zonona mafuta zimene ankatituma kukapempha kwa ogulitsa tchipisi. Nkhani iliyonse tinkaipeza itang'ambika pakati. Ndikudziwa chiyambi cha milandu yambiri ya m'dziko muno, koma amene anamangidwa sindikumudziwa. Loweruka, akadzuka bwino, ankatisambitsa m'manja ndi sopo n'kutilowetsa pamzere kuti tiwerenge maina a mabuku kudzera pagalasi, manja ali kumbuyo. Ntchito ya kusamba m'manjako sindinaidziwe mpaka pano.

Mayeso atayandikira ndinalimba mtima. Ndinawauza kuti chimangirizo chikundivuta chifukwa sindinaonepo nkhani ya Chingerezi yokhala ndi mathero, ndipo ndinapempha buku limodzi lokha, kabuku kobiriwira ka pakona, kuti ndiwerengere pomwepo iwo akuona. Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi awo.

"Iwe Yohane, buku si chigumu choti aliyense azigwira. Mukadziwa Chingerezi ndidzakutsegulirani."

Ndinafunsa kuti tichidziwa bwanji tisanawerenge. Anati funso limenelo ndilo likusonyeza kuti sindinakhwime. Mayi anga nawo anapita kukapempha, atagwada ndithu pakhomo, koma anauzidwa kuti katundu wa azungu amafuna chisamaliro, mwini wake akadzabwera adzapeze zonse momwe anazisiyira. Mayi anabwerako akung'ung'udza m'Chilomwe, chimene kwathu chinkasungidwira nkhani zoopsa zokha.

Ndinalephera Chingerezi, ndinabwereza kalasi.

Chaka chobwerezacho, mvula ili mkati, kunamveka kuti kutchalitchi kukubwera alendo ochokera kunja, ndipo a Matewere anaganiza zowaonetsa laibulale yawo. Anatiitana kuti tikapukute fumbi. Anatulutsa kiyi pang'onopang'ono ngati abusa akuvundukula mgonero, anatsegula, n'kukoka kabuku kobiriwira kaja. M'manja mwawo munatsala msana wokha, kachikuto kolembedwa dzina. Kumbuyo kwake kunali dothi lofiira, likuyenda. Chiswe chinalowera kukhoma n'kudya shelefu ndi shelefu, koma misana chinaisiya ili chiimire kuti pagalasi pazionekabe bwino. Ulemu umenewo chinawapatsa.

Palibe amene anaseka. A Matewere anayang'ana kachikutoko, kenako anati, "Mwaonatu. Mukanamawagwira inu, akanatha kalekale."

Anthu amati ndiwakhululukire poti anatisiya, komanso poti ku koleji ndinakafikabe, ngakhale ndinatulukako ndisanamalize pa zifukwa zimene a Matewere alibe nazo mlandu. Ndikuyesetsa. Koma chaka changa chija sanandibwezere, ndipo ndikukhulupirira kuti ku Chikanda kuli chulu chimene chimalankhula Chingerezi chabwino kuposa ine.

Masiku ano ndimaphunzitsa ana Chingerezi pakhonde la nyumba ya lendi ku Matawale. Mabuku ndimatola a kaunjika kumsika, ndipo amakhala m'beseni lopanda chivundikiro. Ena amabwerako ndi mafuta a mandasi, lina linagwera m'ngalande, lina khanda linatafuna kona yake. Tsiku lina mayi wina anabwera akukoka mwana wake padzanja kuti adzapepese chifukwa chong'amba tsamba. Ndinamufunsa mwanayo ngati bukulo analiwerenga asanaling'ambe. Anati eya, mpaka kumapeto, ndipo galu wosowa wa m'nkhanimo anapezeka. Ndinamupatsa lina.