Tsabola wa kambuzi m'maso mwa Tamandani

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kupasula banja la makolo anga, ndipo chida changa chinali zala ziwiri basi.

Tinkakhala kwawo kwa amayi, m'mudzi wina wa kunyanja kufupi ndi kwa Maganga. Bambo anali khukhi panyumba ya Mmwenye wina pa boma la Salima, ndipo ankabwera panjinga kamodzi pamwezi. Loweruka lina anafika m'mawa ndi kampango wamkulu pakaliyala, ndi kapepala ka ufa wachikasu wonunkhira m'thumba la malaya. Anati lero tilawe nsomba yophika chimwenye, kuti tidziwe chimene manja awo amagwira kutauni.

Kaphikidwe kake sikanali kovuta. Anaduladula nsomba ija, n'kuipaka mchere ndi madzi a mandimu. Anakazinga anyezi m'mafuta mpaka atafiira, anathira ufa uja, kenako matimati. Fungo lake linafika mpaka kuseri kwa khola, moti amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, anatulukira ati akudzabwereka lichero. Ine anandipatsa kamtondo kuti ndisinje adyo ndi tsabola wa kambuzi, uku nditabereka mlongo wanga Tamandani, amene anali ndi miyezi isanu.

"Ukamaliza usambe m'manja ndi sopo, usakhudze chilichonse," anatero bambo.

Ndinamva bwinobwino. Koma ine ndinali mwana wa phuma, ndipo phumalo mpaka lero silinandichoke. Ndinakokota tsabola wa m'kamtondo ndi zala, n'kupukutira pachitenje. Nthawi yomweyo Tamandani anayamba kulira chifukwa cha utsi. Ndinamutembenuzira kutsogolo, ndipo mosaganiza n'komwe ndinamupukuta misozi ndi zala zomwezo, maso onse awiri.

Kulira kumene kunatsatira sindinakumvenso kwa mwana wina aliyense. Anakuwa mpaka mawu anatha, kukamwa kuli yasa, thupi lonse litauma. Amayi anamulanda m'manja mwanga. Zikope zinali zitayamba kutupa, nkhope yonse itafiira, ndipo maso ankakana kutseguka.

"Wamutani mwana, Esinati?"

"Palibe, amayi. Wangoyamba yekha."

Bodzalo linatuluka ndisanaliganize. Ndinabisa manja kumbuyo. M'mutu mwanga munali zinthu ziwiri: kuti Tamandani sadzaonanso, ndi kuti akadziwa kuti ndine, andimenya mpaka kufa.

Amayi aakulu anamuyang'ana mwanayo, n'kudinikiza chala pa tsaya lotupalo. Kenako anatembenukira bambo pang'onopang'ono.

"Kutupa kotere sikubwera kokha. Ili ndi tsempho. Alamu, kutauni kuja mukumagona kuti?"

Ngakhale ndinali mwana, tsempho ndinkalidziwa. Kwathu ankati bambo akayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzagwira khanda kapena kuthira mchere m'ndiwo za pakhomo, mwanayo amatupa, mwinanso kufa kumene. Ndipo tonse tinali titawaona bambo akunyamula Tamandani atangofika, n'kupakanso mchere pansomba ndi manja awo.

Azimayi oyandikana nafe anali atadzaza kale pabwalo. Bambo anali mkamwini m'mudzimo, analibe mbale woti awaikire kumbuyo. Anangoima chilili, chipande chili m'manja, uku ndiwo zikupserera pamoto. Ine ndinkadziwa kuti mawu anga okha ndiwo akanawapulumutsa, koma sindinaulule. Ndinkapemphera mumtima kuti mwanayo angotonthola, nkhani ithe yokha.

Apo amayi anakweza maso. Sanakalipe ayi. Anafunsa motsitsa mawu, misozi ikuyenderera, koma aliyense anamva.

"Bambo a Esinati, ndiuzeni zoona mwanayu asanafe. Ndani?"

Nkhope ya bambo inasintha mwa njira imene sindingathe kuifotokoza. Amayi aakulu anali atatuma kale munthu kukathyola masamba oti afinyire m'maso mwa mwanayo, ndipo nditaona masambawo akufikisidwa m'manja, mantha a kumenyedwa anachepa poyerekeza ndi mantha oti mwanayo achita khungu. Ndinatulutsa manja anga.

"Ndi tsabola. Ndamugwira m'maso ndisanasambe."

Bambo anagwira dzanja langa n'kulinunkhiza. Anaponya chipande pansi, anakankha masamba aja, n'kumugoneka Tamandani pamwendo pawo chammbali. Anatunga madzi a mumtsuko ndi kapu n'kumathira m'maso pang'onopang'ono, kapu ndi kapu, mpaka mtsuko unatha. Amayi anafinyiramo mkaka wa m'mawere. Patapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, diso limodzi linatseguka, lofiira psu, kenako linzake. Anayamwa, n'kugona. Pofika masana kutupa kunali kutaphwa.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Amayi aakulu anapita osatenga lichero. Ine ndinakhala pakhonde kudikira mkwapulo, koma palibe anandimenya. Ndikanakonda akanandimenya.

Bambo ankayenera kugona masiku awiri. Koma tsiku lomwelo anapukuta njinga yawo, anatsanzika mwaulemu ngati mlendo, n'kubwerera ku boma dzuwa likadali pamutu. Panapita miyezi itatu asanabwere, ndipo zinatengera ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti akhalenso pamphasa imodzi ndi amayi. Banja silinathe, koma kuseka kwawo kwa kale kuja sindinakumvenso kawirikawiri.

Tamandani lero ndi bambo wa ana atatu, maso ake ndi akuthwa kuposa anga, ndipo nkhaniyi amaiseka. Ine sindiiseka. Kumugwira m'maso kunali kulakwa kwa mwana aliyense, ndipo madzi anakutsuka. Chimene ndimachimvetsa tsopano n'chakuti pamene ndinakhala chete, anthu sanadikire kuti ndilimbe mtima, anapeza yankho lawo. Kukhala chete kwangako sikunapitirire mphindi khumi, koma kunakwana kuti amayi afunse funso lija pamaso pa mudzi wonse, ndipo bambo analimva.