Tsiku Lomwe a Nankafumbwe Analongedza Mabuku

Mphekesera inali yoti a Nankafumbwe akupita kunja, azungu awaitana. Anthu anawaona akulongedza mabuku m'makatoni, ndiye mukudziwa pakamwa pa anthu palibe chitseko. Mwinatu n'zoona. Mutu uja ndi waukulu ndithu, chipewa chimachita kukana.

Dzinali anawapatsa ndi ana a pakoleji, poti zaka zonsezi mkuluyu wakhala akuweta tizilombo tofumbwitsa mbewu m'mabotolo, n'kumatisisita ngati ng'ombe. Koma akuluakulu ananena mosapsatira: kafukufuku wanu akapanda kutuluka chaka chino mu jenolo, magazini ya anthu ophunzira ija, ntchito yatha. Jenolo yeniyeni inali italandira pepala lawo kalekale, koma ili duu. Nyumba yomwe ankagonamo inalinso ya koleji.

Kenako imelo inagwa yochokera ku jenolo ina yosadziwika. "Wolemekezeka Pulofesa," chonsecho munthu ngakhale udokotala sanaununkhe. Ati tumizani lero, Lachisanu tisindikiza.

"Tumizanitu, bambo a mwana," anatero akazi awo ali chilili kumbuyo kwa mpando. "Mukufuna tikagone m'mabotolo anuwo?"

"Mayi, jenolo yake ndi ya matenda a mtima."

"Nanga tizilombo tanuto tilibe mtima?"

A Nankafumbwe sanaseke. Pepala analiika pa imelo, chala chili pa batani lotumizira. Anangoti aone kaye nkhope ya mkonzi wamkulu yemwe wasaina. Chithunzi chinatseguka. Anali aphunzitsi awo akale, tayi yomweyo, munthu yemwe bokosi la maliro ake ananyamula nawo iwo eni.

"Akufa ayamba liti kulemba maimelo?"

"Aa, akuluakulu anuwo akadziwa bwanji? Dinani basi!"

"A pulinsipolo ndi amene analankhula kumaliro kuja. Komanso pepalali likangolowa m'dzenje ili, jenolo yeniyeni sidzalikhudzanso."

Mayi aja anakhala pansi, manja kunkhongo. A Nankafumbwe anafufuta imeloyo, n'kuvala jekete, ulendo kwa a pulinsipolo. Anapempha kuti awadikireko pang'ono. Anachonderera mpaka bondo linagunda kapeti, bambo wa imvi zake.

"Tikumvetsa, achimwene," anatero a pulinsipolo akuyang'ana wotchi, "koma lamulo si ine."

Kunja sakupita. Makatoni aja ali pakhonde pa apongozi awo, mabotolo ali pansi pa bedi.